Mathunthu a Nthochi a ku Gwadani

Ana inu, dziko limene ndikufuna kunenali kulibe. Musavutike kukafunsa aphunzitsi anu, ndipo wina akadzati munazimva kwa yani, mudzati munatola panjira. Ine sukulu sindinaiponde, koma ndikudziwa kuti chimagwetsa munthu m'dzenje ndi pakamwa, osati phazi. Zenera ilo likhale chitsekere.

Dzikolo dzina lake linali Gwadani, ndipo mfumu yake inali Palibewina Wachiwiri. Inali mfumu yabwino mtima ndithu, yosakonda kumanga anthu pachabe, kungoti Mulungu anaimana msinkhu. Ikaima pafupi ndi mbuzi, mbuziyo sinkachita kukweza mutu kuti ionane nayo. N'chifukwa chake kunali lamulo lakuti mfumu ikakhala pa ulendo, munthu asapezeke pamwamba pa mutu wake. Lipenga loyamba likangolira kunyumba yachifumu, ofolera nyumba ankatsika padenga, ana ankatsika m'mitengo ya mango, a m'nyumba zosanja ankatsikira pansi, ndipo mseu umene mfumu idzadutse unkatsekedwa kumutu ndi kumchira. Amene waimitsidwa ankakhala pomwepo kufikira galimoto yomaliza ya mdipiti wa mfumu itadutsa, lipenga lachiwiri n'kulira. Mayi wina anachirira pamphambano akudikira choncho, mwanayo mpaka lero ndi Tadikira.

Dziko lonselo linali ndi ndege imodzi yokha yonyamula anthu, dzina lake Kakowa. Inali yokalamba, ikamanyamuka inkayamba yatsokomola kaye ngati agogo osuta chingambwe, koma inkafika.

Tsiku lina m'mawa lipenga loyamba linalira: mfumu ikupita kumadzulo kukatsegulira mlatho, kudzera mseu wa ku Dikirani. Anthu anatsika kumene anakwera. Ngakhale a pansanja ya pabwalo la ndege, aja amalankhula ndi oyendetsa ndege pa wailesi, anakhoma chitseko n'kutsika kukakhala patsinde pa mthethe. Koma mfumu sinanyamuke msanga, chifukwa nsapato zake zazitali zidendene zinali kwa wosoka. Dzuwa linafika paliwombo, nsapato osabwera. Dzuwa linapendeka, nsapato zinabwera, koma Kakowa, amene ankayenera kutera masana kuchokera ku mzinda wa Kutali, sanatere.

Amene anakanena anali a Pakamwa, Nduna Yoona za Zoyenda M'mwamba ndi Pansi. Analowa chokwawa, chifukwa iwo anali aatali ngati mlongoti.

"Mwini dziko, ndege yathu yachita manyazi kufika."

"Yachita manyazi bwanji?"

"Kunyamuka inanyamuka, Mwini dziko. Kutera ndiye sikunaoneke."

Mfumu inavula nsapato imodzi mwa zimene inali itavala kale, misozi ili m'maso, chifukwa ndanena kale kuti inali ndi mtima. Inalumbira pamaso pa nduna zonse kuti: "Ine phazi langa siliponda kunja kwa mpanda uno kufikira ana anga atapezeka, amoyo kapena ogona." Nduna zinaomba m'manja. Palibe amene anakumbukira kuti lipenga lachiwiri silinalire, ndiye kuti ulendo wa mfumu unali usanathe, ngakhale unali usanayambe. Ana inu, musamalumbire nsapato ili kuphazi limodzi.

Madzulo omwewo a Pakamwa analankhula pa wailesi. Anati ndege yagwa m'phiri la Kaya, kum'mawa. Atafunsidwa kuti adziwa bwanji, anati phirilo ndi limene lili lalikulu, ndipo ndege ya dziko lolemekezeka singagwe pa chulu. Anaonjezera kuti aliyense wonena kuti ndege ili kwina kusiyana ndi kumene boma laigwetsa, ameneyo ndi wofalitsa mphekesera, ndipo adzapalira munda wa mfumu mpaka khasu litatha, kamba wake wobwera naye yekha.

Tsono mumsika waukulu wa Nong'onezani munali mayi wina wogulitsa tomato, Nankhoma. Mwana wake anali mmodzi yekha, Sigele, namwino pachipatala cha ku Kutali, ndipo anali m'ndege muja, akubwera kudzaona amake. Anzake a pamsika anabwera kudzamukhalira pansi, ena atayamba kale kulira, koma iye anawabweza.

"Mukulira ndani? Mwaona mtembo? Ngati mwabwera kudzagula tomato gulani, ngati ayi musanditchingire makasitomala."

Anthu anamusiya, nayamba kufufuza ndegeyo ndi pakamwa, chapansipansi monga mwa dzina la msikawo.

"Mafuta anaithera imene ija," anatero wogulitsa makala. "Ili pamzere kumwambako."

"Iwe, kumwamba kuli pomwetsera mafuta?"

"Nanga pansi pano alipo?"

Wokonza njinga anati ayi, ndege ikudikira idzaze, kondakitala sangalole kuti itere mipando ina ilibe anthu. Mayi wa zitumbuwa anati iye anamva kuti inagundana ndi lichero la afiti, ndipo wolakwa ndi wa lichero chifukwa analibe nyali. Mneneri wina anabwera ndi belu, nati waiona m'masomphenya ili m'mimba mwa chinsomba. Atamukumbutsa kuti Gwadani alibe nyanja, anati chimenecho ndiye chozizwitsacho.

Pafupi ndi benchi la Nankhoma pankakhala bambo wina wokalamba, a Bizaliyele, amene anali womwalira. Musaseke, mvetsani kaye. Ku Gwadani munthu akasowa osapezeka, abale amadula thunthu la nthochi, n'kulikulunga m'nsalu, n'kuliika m'manda m'malo mwake. Dothi loyamba likangogwera pathunthulo, munthuyo wafa basi, ngakhale abwere mawa akuyenda ndi miyendo yake. Ameneyo ndi mzukwa: sapatsidwa moni, salowa m'nyumba ya amake, sagulitsidwa kanthu, sakwatira. A Bizaliyele anapita kumigodi ali mnyamata, anakhala chete zaka zambiri, ndipo pobwera anapeza dothi litagwa kale. Anthu akafuna kuwayankha ankayang'ana kumbali, n'kumati, "Mphepo ikuti chiyani lero?" Nankhoma tsiku lililonse ankagwetsa tomato awiri mwangozi pafupi ndi mapazi awo.

Tsiku limenelo a Bizaliyele anatola tomato wawo, nati, "Nankhoma, mwana wa mlongo wanga ukanakhala, ndikanakuuza chimodzi. Kulira akhoza kulira, kumeta akhoza kumeta, koma usalole dothi ligwe. Ine ndinachedwa pang'ono chabe. Ndinapeza makasu asanatsukidwe."

Nankhoma anayang'ana kumbali. "Mphepo yamveka," anatero.

Ntchito yofufuza inayamba mwamphamvu. Asilikali anapita ku phiri la Kaya akuimba nyimbo, koma atafika patsinde mkulu wawo anawaimitsa: lipenga lachiwiri silinalire, tsono wokwera phiri akhala pamwamba pa mfumu. Anayamba kulizungulira, maso ali kumwamba, makosi mpaka kuuma. Helikopita ya boma anainyamula pa lole, mapiko ake atawamanga ndi zingwe za njinga, woyendetsa wake akuyenda pansi pambali pake atavala chisoti. Anthu a m'midzi ya kumeneko anaitanidwa kuti athandize, koma anauzidwa kuti akafika pa chulu azilambalala.

Kunyumba yachifumu kunakhazikitsidwa komiti yofufuza, ndipo komitiyo inapita kukakhala kuhotela kuti iganize bwino. Itaganiza, inakhazikitsa komiti ina yoti ifufuze chifukwa chimene yoyamba ija sinapezere kanthu. A Pakamwa ankalankhula pa wailesi madzulo aliwonse.

"Tafufuza tsinde lonse la phiri, ndipo ndege sitinaipeze. Zimenezi zikutsimikiza zimene tinanena, kuti ili pamwamba."

Tsiku lina anaonetsa chitsulo choyera, nati ndi chidutswa cha phiko. Anachiika pa thebulo lokutidwa ndi mbendera, anthu n'kumadutsa atavula zipewa. Mayi wina wa ku Kaya anadutsa, nabwereranso, nati, "Bwana, mukatha nacho mundibwezere. Ndi chivundikiro cha poto wanga, mbuzi zikundidyera ndiwo." Anamuuza kuti chisoni chamusokoneza.

Mwezi unaoneka n'kufa. Mango anapsa m'mitengo n'kumagwa okha, ana akungowayang'ana. Madenga ofolera theka ananyowa ndi mvula yoyamba. Mfumu inaonda, ndipo nduna zinatopa kukhala pansi pa nyumba zawo zosanja, mabedi ali pamwamba. Choncho zinagwirizana kuti anthu a m'ndege aja apezeke ogona. Lamulo linatuluka: banja lililonse lidule thunthu la nthochi, ndipo Loweruka onse akaikidwa m'bwalo la nyumba yachifumu, mfumu yokha ndi imene idzaponye dothi loyamba.

Nankhoma naye lamulolo linamupeza. Kuseri kwa nyumba yake kunali nthochi imene Sigele anabzala ali kamtsikana. Amfumu a dera lake anatuma anyamata kudzaidula, iye ali kumsika. Madzulo anapeza thunthu litagonekedwa pakhonde, litafundidwa chitenje chake chomwe.

Koma ana inu, phunzirani kuyang'ana. Wailesi imanena zake, msika umanena zake, ndipo msika sunama chifukwa umanena ndi katundu. Masiku amenewo mazira anasowa mu Nong'onezani. Chimanga chachiwisi chinasowa, mandasi ankatha dzuwa lisanatenthe, ndipo amayi oyenda ndi mabeseni ankaoneka m'mawa akulowera kumadzulo podzera tinjira ta m'minda, madzulo n'kubwera mabeseni ali gwa. Nankhoma anaziona zimenezi, koma sanadziwe kuti azimange pati.

Lachinayi kunabwera Nasibeko, mayi wootcha chimanga, kudzapikula tomato wambiri kuposa masiku onse. Kumutu anali atamanga mpango wobiriwira, ndipo pakona pake panali chipsera chonga phazi la simbi.

"Amnzanga, mpango wakukhalani," anatero Nankhoma. "Munaupeza kuti?"

"Pa kaunjika."

"Kaunjika wakeyo amasita ndi simbi yanga? Chipsera icho ndinachita ndine, khala linagwa ndikusitira mwana wanga tsiku limene ankapita ku Kutali."

Nasibeko anayang'ana uku ndi uku. Anagwada ngati akusankha tomato wa pansi pa benchi, Nankhoma naye anagwada, mitu n'kugundana.

"Ine ndege sindinaione," ananong'oneza Nasibeko. "Mumve bwino, ndili ndi ana, khasu la mfumu sindingalithe. Chimene ndinaona ndi nyumba yaitali yamalata, ya mazenera ambiri, ili ndi mapiko. Yaima pa bwalo lakale la esiteti ya fodya ku Dikirani, kuseri kwa mpanda wa tsekera uja amamanga m'mbali mwa mseu kuti mfumu isaone nyumba zathu."

"M'nyumbamo muli anthu?"

"Odzaza. Onenepa kuposa mmene anafikira. Namwino wina wa mpata kumano ndiye anandipatsa mpangowu posinthana ndi chimanga, ndalama zitamuthera. Panopa akubaya jakisoni mudzi wonse, anthu akumulipira nkhuku."

Nankhoma anakhala pansi m'matope osadziwa. Anagwira mwendo wa benchi, naluma chitenje kuti mawu asatuluke.

"Nanga akudikira chiyani?"

"Mfumu idutse. Woyendetsa nyumbayo amagula kwa ine, ndiye anandiuza. Akuti tsiku lija ali m'mwamba, a pansanja anamuuza kuti lipenga lalira, apatuke msanga, atere paliponse, mfumu ikadutsa amuitana. Iye anapatuka. Kuyambira pamenepo akuitana pa wailesi yake m'mawa ndi madzulo, koma kunsanja kulibe munthu, onse ali patsinde pa mthethe. Mafoninso kumeneko sagwira, mlongoti wake anaudula chaka chatha chifukwa unatalika mopanda ulemu."

"Nanga a pansanjawo osanena bwanji?"

"Anene kuti boma lagwetsa ndege pamalo olakwika? Iwo alibe ana?"

"Osangotuluka anthuwo n'kuyenda wapansi?"

"Pachipata pali Sajeni Katondo. Akuti woimitsidwa ndi woimitsidwa. Anamuuza kuti bwana, dziko lonse likutifuna, mverani wailesi. Iye akuti wailesi ndamva, yosowayo inagwa ku Kaya, ndipo ndikupepesa abale ake. Iyi si yosowa, ndi iyi ndikuionayi."

Nankhoma anadzuka kuti athamangire ku Dikirani nthawi yomweyo, koma Nasibeko anamukoka chitenje. "Mukalowa ngati mayi wake, nanunso mwaimitsidwa. Mudzakhala naye kumeneko, kuno dothi likugwa Loweruka. Adzatuluka ali ngati awo." Analoza ndi mlomo kumene kunakhala a Bizaliyele.

Pamenepo Nankhoma anaona mmene chingwe chinamangikira. Ndege ikudikira kuti mfumu idutse, mfumu ikudikira kuti ndege ipezeke, ndipo wonena zoona akapalira. Anamasula mpango kumutu kwa Nasibeko, naupinda, nauika pachifuwa. "Tomatoyo tengani," anatero. "Ndipo mundiitanire onse amene adula nthochi sabata ino. Muwauze kuti kwa Nankhoma kuli kulira."

Anabwera ambiri, ndipo kunja kunkamveka kulira ndithu. Zimene zinanenedwa m'katimo ine sindinazimve, ndipo inunso simunazimve.

Lachisanu ofedwa anaitanidwa kubwalo la mfumu kuti akamve dongosolo la maliro. Mfumu inakhala pampando wake wa makwerero, nduna zitakhala pamphasa. A Pakamwa analongosola kuti ndani adzalira poyamba, ndani adzalira pambuyo, ndi kuti nkhata ya maluwa ya boma idzakhala yaikulu motani. Atamaliza, Nankhoma anakwawa kufika kutsogolo, naomba m'manja mwaulemu.

"Mwini dziko, ine ndine wogulitsa tomato, za ndege sindizidziwa. Kumene boma laigwetsa, ndi komweko. Koma mwana amagona kwawo kwa amake, pamene pagona ambuye ake. Mukamuika pabwalo lanu pano, mwana wanga ndimamudziwa, ndi wosamva. Azidzadzuka kufunsa njira ya kwawo. Ndipo pofunsa sadzapita kwa alonda ayi, iye anazolowera kufunsa akuluakulu."

Mfumu inasuntha pampando. "Azidzafunsa ndani?"

"Mwini nyumba, Mwini dziko. Ndi namwino, amalowa m'chipinda osagogoda."

Mfumu inayang'ana bwalo lija, niyang'ana zenera la chipinda chake chogona, niona kuti n'zoyandikana. "Kwanu n'kuti, mayi?"

"Kupitirira pang'ono Dikirani."

Bambo wina kumbuyo anakweza dzanja. "Mwini dziko, ifenso kwathu n'komweko." Mayi wina anati iyenso. Mnyamata wa kumpoto, amene chilankhulo chake chinkamveka kuti ndi wa kumpoto, anati agogo ake aakazi anachokera ku Dikirani ali khanda. Ngakhale mkazi wa woyendetsa ndege, amene dziko lonse linkadziwa kuti anabadwira kunja, analumbira kuti mchombo wake unakwiriridwa kumeneko.

A Pakamwa anadabwa. "Mudzi wa nyumba zowerengeka uja unabala ndege yonse?"

"Tinali achonde kale, bwana," anayankha wina.

"Koma ine ndinalumbira kuti sindituluka," inatero mfumu.

Apa nduna zinathandiza, chifukwa zinkafuna mabedi awo. Zinati lumbiro linati amoyo kapena ogona, ndipo ogonawo ndi awa apezeka, akulungidwa m'nsalu. Mfumu inapumira m'mwamba, niitanitsa nsapato.

Loweruka mdipiti unanyamuka. Patsogolo njinga zamoto, kenako galimoto ya mfumu ya magalasi akuda, kenako malole a mathunthu a nthochi, kenako mabasi a ofedwa, kenako nduna monga mwa ukulu wawo. Manda anali atakumbidwa kale kutsidya kwa mudzi. Pofika pa Dikirani, Nankhoma anauza dalaivala wa basi kuti m'mimba mwamutentha, ndipo amayi ena asanu ndi mmodzi nawonso m'mimba munawatentha nthawi yomweyo. Anatsika pafupi ndi mpanda wa tsekera.

Pachipata panaima Sajeni Katondo, yunifolomu itayera ndi fumbi, ndevu zitamera, dzanja lili pachipumi. Galimoto zinkadutsa, iye osaphethira. Kudzera m'mipata ya tsekera Nankhoma anaona mchira wa Kakowa, atayanikapo zovala. Anaona mbuzi zitagona pamthunzi wa phiko. Mwana wake sanamuone, koma anamva kuseka kwake.

Galimoto zonse zinadutsa kupatula imodzi. Yomaliza inali ya Nduna Yoona za Mafuta, ndipo inafika pachipata penipeni n'kutsokomola kawiri, n'kuzima. Mafuta anali atatha. Ndunayo inatsika, nikwera njinga ya kabaza kuthamangira kumanda, galimoto n'kuisiya pomwepo.

"Bwana Sajeni, mfumu yadutsa," anatero Nankhoma. "Tsegulani."

"Mayi, mdipiti ndi njoka. Mutu ukadutsa, mchira usanadutse, njoka sinadutse."

"Mchira wake wafa uwu."

"Ukadzuka udutsa."

Kutsidya kwa mudzi kwaya inali itayamba nyimbo yotsitsira maliro. Nankhoma anamanga chitenje m'chiuno.

"Amayi, tabwerani. Tinasenza mitolo ya nkhuni yoposa ichi."

Anaika mapewa kumbuyo kwa galimoto ya nduna, dalaivala akuwongolera, ndipo amayi ovala zakuda aja anaikankha akubuula, mapazi akuterereka m'fumbi. Sajeni anagwada pansi, diso limodzi atatsinzina, kuyeza ngati tayala lakumbuyo lapitirira mzati wa chipata. "Pang'ono," anatero. Anakankhanso. "Chitsulo cha kumbuyocho chikadali kwathu." Anakankhanso, Nasibeko atataya beseni lake n'kudzathandiza. Pamenepo Sajeni Katondo anaimirira, nakonza chipewa, naimba wezulo.

"Mseu watseguka! Oimitsidwa onse apitirize ulendo, ndipo boma likuthokoza chifukwa cha kudekha kwanu!"

Chipata chinatseguka, anthu anatuluka ngati nkhuku m'khola. Nankhoma sanapeze nthawi yokumbatira mwana wake. Anangomugwira pamkono.

"Amayi! Mwabwera bwanji? Mukulira ndani?"

"Iwe. Thamanga."

Anathamanga onse, amalonda ndi masutikesi awo, woyendetsa ndege ndi chimanga chake kumanja, kudutsa m'minda, kulumpha mizere. Kumanda mathunthu anali atatsitsidwa kale. Mfumu inali itaima pa kabokosi pamutu pa dzenje loyamba, dothi lili m'dzanja, ndipo a Pakamwa ankatchula mayina mwa mawu achisoni.

"Woyamba kugona ndi mwana wathu wokondedwa, namwino Sigele."

"Ndilipo!"

A Pakamwa sanatukule mutu. "Amene wayankhayo adziwe kuti pano si posewera. Sigele, amene anatisiya m'phiri la Kaya."

"Ndilipo, bwana, kungoti befu wandithera!"

Kwaya inasiya nyimbo pakati. Ena anathawira m'chimanga, m'busa anabisala kuseri kwa nkhata ya boma. Mfumu inaima chiimire, pakamwa pali yasa, dzanja lili pamwamba pa dzenje, ndipo zala zinayamba kumasuka ndi mantha. Nankhoma anadzigwetsa chogwada pamphepete pa manda, natulutsa mpango wobiriwira uja, nautambasula pansi pa dzanja la mfumu. Dothi lonse linagwera mumpango. Ngakhale kambulumbu kamodzi sikanafike pansi.

"Zikomo, Mwini dziko," anatero. "Ndikabzalira nthochi ina. Yanga anadula."

Kenako a Pakamwa, amene nzeru zawo zinkabwera msanga zinthu zikavuta, anakweza manja.

"Anthu a Gwadani, mwaona? Asilikali analephera, makomiti analephera, koma Mwini dziko atangotuluka tsiku limodzi, ndege yapezeka ndipo akufa ayankha!"

Nthungululu zinalira. Mfumu inayang'ana dzanja lake modabwa, kenako inamwetulira, ndipo kunena zoona inalira ndi chimwemwe, nigwira chanza aliyense wa m'ndege uja, iwo atagwada. Madzulo ake lipenga lachiwiri linalira, nduna zinakwera kukagona pamabedi awo. Wailesi inalengeza kuti boma silinalakwitse, chifukwa kuyambira tsikulo chulu cha ku Dikirani chizitchedwa phiri la Kaya. Sajeni Katondo anakwezedwa udindo. Asilikali aja anaiwalika, ndipo ena amati akuzungulirabe. Kakowa anauluka wopanda anthu kubwerera kwawo, popeza onse anati basi ili bwino, ikaimitsidwa umaona ndi maso kuti uli pati.

Mathunthu anawatulutsa m'manda n'kuwapatsa ng'ombe. Lolemba Sigele anakhala pa benchi la amake mu Nong'onezani, anthu akubwera kudzamutsina kuti atsimikize. A Bizaliyele anamuyang'ana nthawi yaitali, nati, "Wafika makasu asanagwire ntchito, mwana iwe."

Sigele sanayang'ane kumbali. Anawayang'ana m'maso, nati, "Mwaswera bwanji, agogo? Chifuwa chimenecho mwayamba liti?"

Msika wonse unagwira pakamwa. Nankhoma anatola tomato awiri, ndipo m'malo mowagwetsa anawaika m'manja mwa mkuluyo. Kenako anatembenukira mwana wake.

"Tsono iwe, mpango wosita ine, wa mtengo wake, n'kugulitsa chifukwa cha chimanga chootcha?"

"Zinali ziwiri, amayi. Zazikulu."

Ndi zimenezo, ana inu. Ndege ikamadutsa musamailoze chala, simudziwa amene akuyang'ana chalacho. Mukamva lipenga, tsikani mumtengo msanga. Ndipo mukadzachoka kupita kutali, muzisiya kanthu kopsa ndi simbi kamene amanu angakazindikire, chifukwa boma likhoza kukufunani kum'mawa ndi mtima wonse inu muli kumadzulo. Tsegulani zeneralo tsopano, koma pang'ono.